Kadyetsedwe ka zinkhwe zoweta: mpendadzuwa ndi mtedza pazokha sizikwanira

Matenda ambiri amene madokotala a ziweto amapeza pa zinkhwe zoweta amayambira m'mbale ya chakudya. Mwini wake amathira mpendadzuwa ndi mtedza tsiku ndi tsiku, chinkhwe chimadya mokondwa, ndipo kwa zaka ziwiri kapena zitatu palibe chooneka cholakwika. Kenako nthenga zimayamba kuthimbirira, mlomo umatalika mopitirira, mphuno zimatsekeka, mbalame imayamba kugwa pa kamtengo koterapo. Pofika apa chiwindi chimakhala chitaonongeka kale. Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chimene ambiri amachidziwa kuti African grey, chikhoza kukhala ndi moyo zaka 40 kapena kupitirira, koma chodyetsedwa njere zokhazokha kawirikawiri sichifika kumeneko.

Vuto la njere ndi lodziwika bwino. Pafupifupi theka la kulemera kwa njere yosenda ya mpendadzuwa ndi mafuta, ndipo mtedza nawonso uli chimodzimodzi. Kutchire chinkhwe chimauluka mitunda italiitali pofuna chakudya ndi madzi, choncho mafutawo amagwira ntchito. Cha m'khola chimangokhala, ndiye mafuta amaunjikana m'chiwindi ndi m'mitsempha ya magazi. Njere zilinso ndi kashiamu wochepa kwambiri poyerekeza ndi fosifolasi, zilibe vitamini A wokwanira, zilibe vitamini D3, ndipo zomanga thupi zake n'zoperewera. Ngakhale mawere, mapira ndi mchewere, zimene zilibe mafuta ambiri, zimaperewera pa zinthu zomwezi. Zili ngati nsima yopanda ndiwo: mimba imadzaza koma thupi silimangika.

Kuchepa kwa vitamini A ndiko kumaoneka msanga. Vitamini ameneyu amasunga khungu lofewa la m'kamwa, m'mphuno ndi m'njira ya mpweya. Akachepa, mbalame imayetsemula pafupipafupi, m'mphuno mumauma zinthu zolimba zimene zimatseka bowo, m'kamwa mumatuluka timawanga toyera, ndipo mapazi amasalala kunsi n'kuyamba zilonda. Mbalame yotere imagwidwa msanga ndi matenda a m'mapapo. Kuchepa kwa kashiamu kumavuta kwambiri zinkhwe zotuwa: zimanjenjemera, zimafooka miyendo, zimagwa usiku, nthawi zina zimachita kukomoka. Kwa zazikazi za mtundu uliwonse, dzira limatha kukanirira m'mimba chifukwa chikamba chake n'chofewa ndipo minofu ilibe mphamvu yolikankha.

Magawo a chakudya cha pa tsiku

Njira imene madokotala a mbalame ambiri amalimbikitsa ndi yoti maziko a chakudya akhale mapeleti (timibulu touma ta chakudya chosakaniza ta ku fakitale) opangidwira zinkhwe, pafupifupi magawo 6 kapena 7 pa magawo 10 alionse. Masamba ndi ndiwo zina zakudimba zikhale magawo awiri kapena atatu, ndipo gawo limodzi lotsalalo ligawidwe pakati pa zipatso ndi njere. Ubwino wa mapeleti ndi wakuti kalikonse kali ndi zofunika zonse, kotero mbalame singasankhe zokoma n'kusiya zina. Mbalame zing'onozing'ono za ku Australia, budgie ndi cockatiel, mwachibadwa zimadya njere za udzu, ndiye kwa izo njere zopanda mafuta ambiri zikhoza kufika magawo atatu kapena anayi, mapeleti n'kutsika pang'ono. Pogula sankhani mapeleti opanda utoto ndi shuga. Mapeleti a utoto amasintha mtundu wa zitosi, ndipo zitosi ndi zimene zimakuuzani msanga mbalame ikadwala.

Muyezo umadalira kukula kwa mbalame. Budgie imalemera magalamu 30 mpaka 40 ndipo imadya chakudya chouma chokwana masupuni a tiyi awiri osasefukira pa tsiku. Lovebird yoweta, kachinkhwe kakang'ono ka ku Africa, imalemera magalamu 40 mpaka 60, ndipo masupuni a tiyi awiri kapena atatu amakwana. Cockatiel, ya magalamu 80 mpaka 110, imafuna pafupifupi supuni yaikulu imodzi ndi theka. Zinkhwe zapakatikati zonga chinkhwe cha Meyer ndi chinkhwe cha mutu wa bulawuni, zolemera magalamu 100 mpaka 150, zimafuna masupuni aakulu awiri. Chinkhwe chotuwa, cha magalamu 400 mpaka 550, chimadya masupuni aakulu atatu kapena anayi. Pamwamba pa izi onjezani ndiwo zamasamba molingana ndi magawo tatchula aja. Miyezo imeneyi ndi poyambira chabe. Chimene chidzakuuzeni ngati mukupereka mokwanira ndi sikelo.

Mbale yosefukira ndi mdani wa kadyedwe kabwino. Mukathira kapu yathunthu ya njere zosakaniza, chinkhwe chimatola mpendadzuwa wokha, chimakhuta, zotsalazo n'kutaya pansi. Mukathira muyezo wa tsiku limodzi, chimadya zonse. Samalaninso ndi mankhusu: budgie ndi lovebird zimasenda njere n'kusiya mankhusu m'mbale momwemo, ndiye mbale imaoneka yodzaza pomwe mulibe kanthu. Uzirani pamwamba pa mbale tsiku lililonse kuti muone zimene zatsaladi.

Ngati mapeleti sapezeka

Ku Malawi ndi ku Zambia mapeleti a zinkhwe sapezeka paliponse, ndipo ambiri amachita kuitanitsa ku South Africa pa mtengo wokwera. Musalowetse m'malo mwake chakudya cha nkhuku. Cha nkhuku zoikira mazira chili ndi kashiamu wochuluka kwambiri woti akhoza kuononga impso za chinkhwe, ndipo zakudya zina za anapiye ndi nkhuku zanyama zimathiridwa mankhwala amene sanapangidwire zinkhwe. Chabwino ndi kuphika nokha chosakaniza cha mbewu ndi nyemba.

Tengani makapu awiri a mbewu zosakaniza: mapira, mawere, mchewere, mpunga wosapuntha kwambiri ndi chimanga pang'ono. Tengani kapu imodzi ya zanyemba zofewa msanga monga nandolo, khobwe kapena mphodza. Sankhani bwino, chotsani zofumbwa ndi zosintha mtundu, tsukani, ndipo muviike mbewu ndi nyemba m'miphika yosiyana usiku wonse. Kukacha tayani madziwo. Nyemba ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, kenako zipse pa moto wapakati mpaka zifewe moti mukhoza kuziphwanya ndi zala. Mbewu ziphikeni mpaka zifewe koma zisasanduke phala. Osathira mchere, mafuta kapena soda. Zikazizira sakanizani ndi makapu atatu a ndiwo zodula tizidutswa ting'onoting'ono. Kudula mwa ting'onoting'ono kuli ndi cholinga: mbalame ikamatola mbewu imene ikufuna, tizidutswa ta masamba timakakamira n'kulowa nawo m'kamwa.

Mbewu ndi nyemba zimathandizana, chifukwa zomanga thupi zimene zikusowa mu mbewu zimapezeka mu nyemba. Nyemba zosaphika, makamaka zofiira zikuluzikulu, zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zikawira bwino, choncho musapereke zongoviika. Chosakanizachi chimakhala masiku atatu mu firiji. Chotsala chiikeni mu firiza m'timapaketi ta tsiku limodzi. Kumene kulibe firiji kapena magetsi amazimazima, phikani chongokwanira tsikulo. Popeza chili ndi madzi, perekani kuwirikiza kawiri muyezo wa chakudya chouma uja.

Chakudya chophika pakhomo sichingafanane ndi mapeleti pa kukwanira kwa michere, ndipo amene akuchigwiritsa ntchito ayenera kusamala kwambiri za kashiamu ndi dzuwa, zimene tizifotokoza kutsogoloku. Komabe chimaposa kutali mbale ya mpendadzuwa.

Pali zinthu ziwiri zoopsa pa mbewu za pamsika. Choyamba ndi mankhwala a anankafumbwe. Chimanga, mapira ndi nyemba zosunga kawirikawiri zimathiridwa Actellic kapena mankhwala ena ofanana nawo, ndipo kathupi ka magalamu 40 sikangapirire mlingo umene munthu saumva n'komwe. Funsani wogulitsa, ndipo ngati mbewu zili ndi kafumbi koyera kapena fungo la mankhwala, zisiyeni. Chachiwiri ndi chuku. Mtedza ndi chimanga zimene sizinaume bwino, kapena mtedza umene anauwaza madzi kuti usavute kuswa, zimamera chuku cha mtundu wa Aspergillus. Chukuchi chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Fumbi la chuku chomwechi likalowa m'mapapo limayambitsa matenda ovuta kuchiza, amene zinkhwe zotuwa zimagwidwa nawo kwambiri. Mtedza wa m'makoko ndiye woopsa koposa chifukwa mbalame imaswa khoko pafupi ndi mphuno. Ngati mukufuna kupereka mtedza, ukhale wosenda, wokhwima bwino, wosasweka, wosanyala, woti inuyo mukhoza kudya, ndipo usapitirire njere ziwiri kapena zitatu pa tsiku kwa chinkhwe chachikulu.

Ndiwo ndi zipatso

Apa ndiye tili ndi mwayi, chifukwa zimene chinkhwe chimafuna zili m'dimba ndi pamsika chaka chonse. Lamulo losavuta ndi kuyang'ana mtundu: zobiriwira kwambiri ndi zachikasu kapena zofiirira mkati ndi zimene thupi limapangira vitamini A. Kaloti, maungu, mbatata yofiira mkati yophika, tsabola wobiriwira ndi wofiira, nkhwani, chisoso, luni, mpiru, repu, chitambe, kholowa ndi masamba a chammwamba zonse n'zabwino. Masamba a chammwamba, mpiru ndi repu alinso ndi kashiamu. Bonongwe ndi sipinachi zili ndi michere yambiri koma zili ndi asidi wina amene amamanga kashiamu kuti thupi lisamugwiritse ntchito, ndiye muzipereka kamodzi kapena kawiri pa sabata basi. Kabichi woyera mkati, letesi wotuwa ndi nkhaka zangodzaza madzi. Sizipweteka, koma musaziwerengere ngati ndiwo za tsikulo. Therere lobala, zitheba ndi chimanga chachiwisi chodula m'mapisi zimakondedwa kwambiri. Tsabola wowawa musamuope: mbalame sizimva kuwawa kwake monga timamvera ife.

Masamba a m'madimba amapoperedwa mankhwala kawirikawiri, makamaka repu, mpiru ndi tomato. Atsukeni m'madzi ambiri kawiri kapena katatu, ndipo ngati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba, dzalani anuanu.

Zipatso zili ndi shuga wambiri, choncho zikhale zochepa: kachidutswa kofanana ndi mutu wa mbalameyo pa tsiku n'kokwanira. Papaya, mango ndi gwafa zimaposa nthochi, mphesa ndi maapozi pa michere. Ufa wa malambe ndi masau ndi zabwino apo ndi apo. Pa apozi chotsani njere, pa pichesi chotsani nthanga, chifukwa zili ndi poizoni wa cyanide. Chipatso chikachuluka zitosi zimakhala zamadzimadzi kwa maola ochepa, ndipo zimenezi pazokha si matenda.

Njere zomeretsa ndi njira ina yabwino, makamaka kwa mbalame yokana masamba, chifukwa zimaonekabe ngati njere zimene inazolowera. Viikani mphodza, mchewere kapena mpendadzuwa kwa maola 8 mpaka 12, tsanulani madzi, ikani m'sefa pamalo ozizira podutsa mpweya, ndipo muzitsuka katatu pa tsiku. Pakatha masiku awiri kapena atatu timizu toyera timatuluka, ndipo ndi nthawi yopereka. Zikamanunkha chowawasa kapena kuterera, tayani zonse. Mapira musameretse, chifukwa mphukira zake zimakhala ndi cyanide.

Chakudya chilichonse chonyowa chisakhalitse m'khola. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye chikhoza kukhala maola anayi, koma m'chilimwe cha Okutobala ndi Novembala chichotseni pakatha maola awiri, chisanayambe kusasa ndi kuitana ntchentche.

Zosayenera kupereka n'komwe

Peyala ndiye loyamba kutchulidwa, chifukwa mitengo yake ili pakhomo pambiri. Chipatso, khungu, nthanga ndi masamba ake zili ndi poizoni wotchedwa persin amene amaononga mtima wa mbalame, ndipo kachidutswa kakang'ono kakhoza kupha budgie m'tsiku limodzi kapena awiri. Nthambi zake musazigwiritse ntchito ngati poterapo. Chokoleti, khofi, tiyi, zakumwa za kola ndi mowa wa mtundu uliwonse n'zoopsa. Chinangwa chachiwisi ndi chigwada zili ndi cyanide. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi zikachuluka. Masamba a tomato ndi a mbatatesi, komanso mbatatesi yobiriwira khungu, zisafike m'khola. Mchere umalemetsa impso, choncho tchipisi, kamba wa m'mapaketi, mtedza wothira mchere, usipa wouma ndi ndiwo za patebulo si za chinkhwe. Mkaka sichitha kuugaya bwino. Ndipo musachidyetse kuchokera m'kamwa mwanu, chifukwa malovu a munthu ali ndi tizilombo timene thupi la mbalame silinazolowere.

Pamene mukukonza chakudya, khola likhale kutali ndi khitchini. Utsi wa mbaula ndi mpweya wochokera m'mapoto osamatirira a Teflon akatentha mopitirira zimapha mbalame m'mphindi zochepa.

Kashiamu, dzuwa ndi madzi

Kashiamu sagwira ntchito popanda vitamini D3, ndipo mbalame imapanga vitamini ameneyu ikaombedwa ndi dzuwa mwachindunji. Dzuwa lodutsa pa galasi la windo silithandiza, chifukwa galasi limatchinga cheza chofunikacho. Tulutsani khola panja kwa mphindi 20 mpaka 30, katatu kapena kanayi pa sabata, m'mawa dzuwa lisanakwere. Theka la khola likhale pamthunzi, zitseko zikhale zokhoma, ndipo pakhale munthu woyang'anira amphaka ndi akabawi. Mbalame ikayasamula kukamwa n'kutambasula mapiko, yatenthedwa, ilowetseni msanga.

Kashiamu wosavuta kupeza ndi wa zikamba za mazira. Ziwiritseni mphindi 10, ziumitseni, zisinjeni zikhale ufa, ndipo muwaze kotsina ndi zala ziwiri pa chakudya chonyowa kawiri kapena katatu pa sabata. Fupa loyera la cuttlefish, kanyama ka m'nyanja ya mchere, logulitsidwa m'masitolo a ziweto limagwira ntchito yomweyo. Dzira lowiritsa mpaka kulimba ndi labwino kamodzi pa sabata: theka la supuni ya tiyi kwa mbalame yaing'ono, masupuni a tiyi awiri kwa yaikulu. Mbalame imene ikudya mapeleti mokwanira musaionjezere mavitamini a m'botolo, chifukwa vitamini D3 akachuluka amaononga impso. Mavitamini othira m'madzi ndi osathandiza kwenikweni: amatha mphamvu msanga, amameretsa tizilombo, ndipo mbalame zina zimaleka kumwa madziwo akasintha kakomedwe.

Miyala yogayira chakudya imene nkhuku ndi nkhunda zimafuna si yofunika kwa zinkhwe, popeza izo zimasenda njere zisanameze. Mbalame yodwala ikhoza kumeza mchenga wambiri mpaka kutseka nthutumba. Madzi akhale oti munthu angamwe, a pachitsime awiritsidwe, ndipo muwasinthe kawiri pa tsiku chifukwa zinkhwe zimakonda kunyika chakudya m'madzi. Mbale zikhale za chitsulo chosachita dzimbiri kapena zadothi zosalala. Mbale zamalata ndi waya watsopano wa khola zimatulutsa zinki, amene ndi poizoni mbalame ikamazitafuna.

Kusintha mbalame yozolowera njere

Ntchito yovuta kwambiri ndi imeneyi, ndipo ndi pamene anthu amalakwitsa zoti mbalame n'kufa. Chinkhwe chimene chadya mpendadzuwa zaka zisanu sichidziwa kuti peleti kapena kaloti ndi chakudya. Maganizo oti chikamva njala chidya chokha ndi olakwika: budgie kapena lovebird ikhoza kufa m'masiku awiri mbale ili yodzaza ndi chakudya chimene sikuchizindikira. Musayambe kusintha mbalame imene ikudwala, ikuikira mazira, kapena yangofika kumene pakhomo.

Gulani kasikelo ka m'khitchini koyeza galamu imodziimodzi. Kwa sabata imodzi musasinthe kanthu, muzingoyeza mbalame m'mawa uliwonse isanadye n'kulemba m'kope. Yezaninso njere zimene imadyadi pa tsiku. Sabata yachiwiri, m'mawa pamene ili ndi njala ikani chakudya chatsopano chokha kwa maola awiri kapena atatu, kenako perekani theka la njere zake, theka linalo madzulo. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a njerezo pokhapokha mutaona ndi maso kuti chatsopanocho chikumezedwa, osati kungophwanyidwa. Kulemera kukatsika ndi magawo 5 pa 100, imani pamene mulipo. Kukafika magawo 10 pa 100, bwezerani chakudya chakale ndipo muonane ndi dokotala wa ziweto. Zitosi zikachepa, n'kukhala zazing'ono, zakuda kapena zobiriwira kwambiri, ndiye kuti mbalame sikudya. Zina zimasintha m'masabata atatu, zina zimatenga miyezi isanu ndi umodzi.

Zinkhwe zimadya pagulu ndipo zimatsanzira. Idyani kaloti kapena papaya pamaso pake, kenako mupatseni kachidutswa kena. Budgie ndi cockatiel zimatola pansi, ndiye mwazani mapeleti ophwanya pa thireyi yafulati n'kumagogoda ndi chala ngati mukujompha. Masamba onyowa opachika pa waya amakopa mbalame zing'onozing'ono chifukwa zimayamba n'kusambapo kenako n'kulawa. Mapeleti osinja owaza pa mbatata yophika yofunda pang'ono amathandiza kuti izolowere kakomedwe. Chakudya chokanidwa lero chiperekeninso mawa chodulidwa mwa mtundu wina. Kukana kakhumi si kukana kwamuyaya.

Mbalame zogwidwa kutchire ndi zimene zimavuta kwambiri kuzizoloweza, ndipo zambiri zimafa m'masabata oyamba. Zoterezi musagule. Lovebird ya Lilian, imene ku Malawi imapezeka m'nkhalango za tsanya ku Liwonde National Park, ndi yotetezedwa, ndipo malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire analetsedwa pa msonkhano wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ku Johannesburg mu 2016. Za chilolezo chosungira mbalame zotere funsani ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife.

Mpendadzuwa usachoke m'nyumba, ungosintha ntchito: ukhale mphotho pophunzitsa mbalame, njere zisanu mpaka khumi pa tsiku kwa chinkhwe chachikulu. Zina zikulungeni m'makoko a chimanga, zina zibiseni m'chigoba cha mlambe, ndiwo zibayeni pa kamtengo ka gwafa kapena mabulosi. Kutchire chinkhwe chimatha maola ambiri chikufunafuna chakudya, ndipo cha m'khola chikamaliza kudya m'mphindi khumi chimasowa chochita n'kuyamba kudzizula nthenga.

Ngakhale kusintha kutatha, pitirizani kuyeza kamodzi pa sabata, ndipo muzikhudza fupa la pachifuwa. Likamabaya chala, minofu ya m'mbali itaphwa, mbalame yaonda. Likamasowa pakati pa mafuta, yanenepa mopitirira. Chitosi chabwino chili ndi mbali zitatu: cholimba chobiriwira kapena chabulawuni, choyera ngati choko, ndi timadzi toyera pang'ono. Choyeracho chikasanduka chachikasu kapena chobiriwira, chiwindi chili pa vuto. Njere zosagayika m'zitosi, magazi, kusanza, chithokomiro chimene sichikuphwa pofika m'mawa, kapena mbalame yofufuma nthenga itakhala pansi pa khola, zonsezi n'zofunika dokotala tsiku lomwelo. Pamene mukukonza ulendo, iikeni pamalo ofunda ndi abata, ndipo muipatse chakudya chilichonse chimene ingalandire, ngakhale mpendadzuwa womwewo.